MBIRI YA KULUMPHA KWA OVINA: KODI MUNTHU ANGAIME M'MWAMBA?

Nkhani yathu ya lero ndi mbiri ya cinthu cimene aliyense wa inu amacita pabwalo la sukulu tsiku ndi tsiku osaciganizira konse, ndico kulumpha. Tidzamva za ovina amene anadabwitsa maiko ndi kalumphidwe kao, ndiponso za anthu ophunzira amene anatha zaka zoposa 300 ali kufunafuna cinsinsi ca kalumphidwe kameneko. Cherani khutu, pakuti pothera pa nkhaniyi pali nchito imene mudzacita nokha.

USIKU WA KU MONTE CARLO

Pa 19 April m'caka ca 1911, mu mzinda wa Monte Carlo, m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean, anthu anasonkhana m'nyumba ya masewero kudzaonerera gule watsopano wochedwa Le Spectre de la Rose. Guleyu anali wa mtundu wa ballet, ndiwo mavinidwe ofotokoza nthano ndi thupi ndi nyimbo zokha, popanda kulankhula mau. Nthano yake inali yaifupi. Mtsikana wabwerako ku madyerero ali ndi duwa m'manja, wagona pampando cifukwa ca kutopa, ndipo alota mzimu wa duwalo uli kuvina naye. Wovina m'malo mwa mtsikanayo anali Tamara Karsavina, ndipo mzimu wa duwa anali Vaslav Nijinsky, mnyamata wa zaka zopitirira pang'ono 20, wobadwira ku Kyiv ndi wophunzira zovina ku St Petersburg.

Gule ali pafupi kutha, Nijinsky anathamanga nalumpha kutulukira pa zenera lalikulu limene linali kumbuyo kwa bwalo. Oonerera sanamuone ali kutsika. Anamuona ali kukwera cabe, kufikira anazimirira mu mdima. Kuyambira usiku umenewo mbiri inabuka yakuti mnyamatayu amatha kuima m'mwamba monga kabawi, ndipo ena anafika ponena kuti mafupa a mapazi ake anali ngati a mbalame. Mwini wa gulu limene Nijinsky anali kuvinamo, Sergei Diaghilev, sanali kulola kuti ovina ake ajambulidwe pa kanema, cotero Nijinsky anamwalira ku London m'caka ca 1950 osasiya kanema wa kuvina kwake. Cimene cinatsala ndi funso: kodi munthu angaimedi m'mwamba? Ngati sangathe, nanga anthu aja anaona ciani? Kuti tipeze yankho, tiyenera kubwerera m'mbuyo zaka 250 usiku uja usanafike.

OVINA AYAMBA KUCOKA PANSI

M'caka ca 1661 mfumu ya ku France, Louis XIV, imene inali yokonda kuvina, inakhazikitsa mu mzinda wa Paris bungwe la akatswiri a zovina lochedwa Académie Royale de Danse. Mphunzitsi wa mfumuyo, Pierre Beauchamp, ndiye amakumbukidwa kuti anakonza maimidwe asanu a mapazi amene ovina ballet amaphunzira kufikira lero. Masiku amenewo kuvina kunali kwa ulemu ndi kodekha. Amuna anali kulumphako ndithu, koma akazi anali kuvala zovala zolemera zokhwekhwereza pansi, ndi nsapato zazitali kucidendene, kotero kuti miyendo yao sinali kuoneka ndipo kulumpha kunali kowavuta.

Amene anasintha zimenezi anali Marie Camargo, wobadwira ku Brussels m'caka ca 1710, amene anayamba kuvina ku Paris m'caka ca 1726. Iye anafupikitsa covala cake kuti akakolo aoneke, cinthu cimene ena anaciyesa camanyazi, koma anacita dala kuti anthu aone nchito ya mapazi ake. Anachuka ndi kalumphidwe kochedwa entrechat quatre, kamene wovina amalumpha coongoka nasinthanitsa mapazi ake kutsogolo ndi kumbuyo kawiri asanatere. Kalumphidwe kameneka kanali kuyesedwa ka amuna, ndipo Camargo amakumbukidwa monga mkazi amene anasonyeza kuti nawonso akazi akhoza.

Oonerera atalawa zimenezi anayamba kufuna zoposa. M'caka ca 1796, ku London, Charles Didelot anamangirira ovina ake ku mawaya obisika mu gule wochedwa Flore et Zéphire, ndipo iwo anatengedwa m'mwamba ngati ali kuuluka. Koma ovina enieni sanakhutire ndi kuuluka kobwereka. Anafuna kuti miyendo yao yokha icite cimene waya anali kucita. Auguste Vestris wa ku Paris, wobadwa m'caka ca 1760, anachuka ndi kulumpha kwake, ndipo atakalamba anaphunzitsa mnyamata wa ku Denmark dzina lake August Bournonville. Ameneyu anabwerera ku Copenhagen nakonza magule odzala ndi kulumpha kopepuka, kumene ovina amakucha ballon, ndiko kunena kuti wovina anjanje ngati mpira.

Aphunzitsi onsewa anali kupatsirana lamulo limodzi, kucokera kwa mphunzitsi kunka kwa wophunzira. Lamulolo ndi ili: usanalumphe, pinda maondo zidendene zili pansi, kankha nthaka ndi phazi lonse kufikira ku zala, potera yamba ndi zala, cidendene citsatire, ndipo upindenso maondo. Kupinda maondo kumeneku amakucha plié. Iwo anadziwa kuti lamuloli ligwira nchito, cifukwa miyendo yao inawauza. Koma cifukwa cake ligwira nchito, cimeneco cinafuna anthu a nzeru za mtundu wina.

ANTHU A MASAMU ALOWAPO

Tsono tisiye ovina pang'ono, tipite ku Italy, kumene nthawi yomweyo anthu ena anali kuphunzira kayendedwe ka zinthu ndi masamu. M'caka ca 1638 linasindikizidwa buku lomaliza la Galileo Galilei, amene anali atakalamba ndi kucita khungu. M'bukumo iye anasonyeza kuti cinthu ciri conse coponyedwa m'mwamba cimatsata njira yokhota ngati uta: cimakwera, liwiro lake la kukwera licepacepa, cifika pamwamba, ndipo ciyamba kutsika. Mphamvu ya dziko yokokera zinthu pansi sipumula ngakhale kamphindi, ndipo sisankha kuti uwu ndi mwala, uyu ndi munthu.

M'caka ca 1687 Isaac Newton wa ku England anaonjezapo lamulo lina, lakuti ukakankha cinthu, naconso cimakukankha ndi mphamvu yofanana. Taganizani za msodzi amene ali m'bwato: akakankha gombe ndi nkhafi, bwato limanka kumadzi. Cimodzimodzi wolumpha: iye amakankha nthaka, ndipo nthaka ndiyo imamukankhira m'mwamba. Apa pali phunziro lalikulu. Nchito yonse ya kulumpha imacitika mapazi akali pansi. Zala zikangosiya nthaka, palibenso cokankha, ndipo msinkhu umene munthuyo adzafika watsimikizika kale.

Amene anayamba kugwiritsa nzeru zotere pa thupi la munthu anali Giovanni Borelli, wobadwira ku Naples m'caka ca 1608. Iye anamwalira ku Rome m'caka ca 1679, ndipo buku lake lonena za kayendedwe ka zamoyo, De Motu Animalium, linatuluka atamwalira, m'zaka za 1680 ndi 1681. Borelli anaona mafupa monga mitengo yotukulira miyala, ndipo minofu monga zingwe zoikoka. Anapeza kuti minofu imagwira fupa pafupi kwambiri ndi mfundo, kotero kuti iyenera kukoka ndi mphamvu yoposa kangapo katundu amene munthu wanyamula. Koma phindu lake ndi lakuti mnofu ukafupika pang'ono cabe, dzanja kapena phazi limayenda mtunda waukulu ndi mofulumira. Ananenanso poyera kuti munthu sangalumphe asanayambe wapinda mfundo za miyendo yake, cimene aphunzitsi a zovina anali kuphunzitsa kale.

Borelli anacitanso cinthu cina cimene tidzacifuna kutsogoloku. Inu mudziwa kuti mukaika mthiko pa cala, pali malo amodzi pamene umakhazikika osagwera uku kapena uko. Malo amenewo tiwache cirikati ca kulemera. Borelli anagoneka munthu pa thabwa, naika thabwalo pa cinthu cosongoka, nalisuntha kufikira linakhazikika. Mwa njira imeneyi anapeza kuti cirikati ca kulemera kwa munthu woongoka ciri m'kati mwa ciuno, m'munsi pang'ono mwa mcombo. Munthu akalumpha, cirikati cimeneci ndico cimatsata njira ya uta imene Galileo anafotokoza. Sungani mfundo imeneyi.

KAMERA IONA ZIMENE DISO SILIONA

Bvuto limene linatsala linali lakuti kulumpha kumatha msanga, diso lisanaone bwino cimene cacitika. Anthu anayembekeza zaka 200 kuti capezeke cipangizo coposa diso. M'caka ca 1878, ku Palo Alto m'dziko la America, wojambula zithunzi dzina lake Eadweard Muybridge anandandika makamera m'mbali mwa njira, najambula kavalo wothamanga. Zithunzizo zinasonyeza kuti pali kamphindi pamene miyendo yonse inai ya kavalo imakhala m'mwamba. Pambuyo pake, ku Philadelphia, iye anajambula anthu ali kuyenda, kulumpha ndi kuvina, ndipo m'caka ca 1887 anatulutsa masamba 781 a zithunzi zotere.

Ku Paris kunali dotolo wophunzira za thupi, Étienne-Jules Marey, amene anapitirira pamenepo. M'caka ca 1882 anapanga kamera yooneka ngati mfuti, yotha kujambula zithunzi 12 pa sekondi imodzi. Anali kubveka munthu zovala zakuda zokhala ndi mizere yoyera m'mikono ndi m'miyendo, namuyendetsa patsogolo pa malo akuda, kotero kuti pa cithunzi panali kuoneka mizere yokha, yosonyeza pamene fupa liri lonse linali pa kamphindi kali konse. Pamodzi ndi womthandiza wake, Georges Demeny, anagwiritsanso nchito thabwa loyesa mphamvu imene phazi limakankhira pansi. M'caka ca 1885 awiriwa analemba za kulumpha, ndipo anaona cinthu codabwitsa: munthu akalumpha kawiri motsatizana, kulumpha kwaciwiri kumakonda kupambana koyamba. Cinali ngati kuti potera paja mwendo wasunga kanthu kena, nukabweza.

Apa ndi pamene njira ya ovina ndi njira ya ophunzira zinakumana. Katswiri wa nyimbo, Maurice Emmanuel, anafuna kudziwa mmene anthu akale a ku Greece anali kuvinira, poyang'ana zithunzi zolembedwa pa mitsuko yao. Iye anathandizidwa ndi zithunzi za ovina amoyo zojambulidwa mwa njira ya Marey, ndipo buku lake linatuluka m'caka ca 1896. Ovina tsopano anatha kuona kuyenda kwa miyendo yao cidutswa ndi cidutswa, monga munthu awerenga mau cilembo ndi cilembo.

LEGENI WA M'MWENDO

Nanga kanthu kaja kamene mwendo umasunga n'kotani? Gwirani kumbuyo kwa mwendo wanu, pamwamba pa cidendene. Mupeza mtsempha wolimba ngati cingwe, umene umalumikiza katumba ndi fupa la cidendene. Mtsempha umenewu, umene madotolo amaucha ndi dzina la Achilles, ngwazi ya m'nthano za ku Greece, ndiwo wamphamvu koposa mitsempha yonse ya mtundu wake m'thupi. Umatamuka pang'ono ukakokedwa, ndipo umabwerera mwamphamvu ukamasuka, monga legeni amene anyamata amaponyera miyala.

M'zaka za m'ma 1960, Giovanni Cavagna ndi anzake ku Milan anasonyeza kuti mnofu umene wayamba watamulidwa uli wokungika umagwira nchito yaikulu ukamafupika nthawi yomweyo, kuposa umene sunatamulidwe. M'caka ca 1974, ku Copenhagen, Erling Asmussen ndi Flemming Bonde-Petersen anayerekeza mitundu ya kulumpha. Anapeza kuti munthu amene wayamba ali ciimire, natsika msanga, nalumpha nthawi yomweyo, amafika patali kuposa pamene wayamba ali cinyonyomalire. Ndipo m'caka ca 1996 Maarten Bobbert ndi anzake ku Amsterdam anaonjeza cifukwa cina cacikulu: kutsika kuja kumapatsa minofu nthawi yakukungika, kotero kuti pamene kukankha kuyamba, mphamvu imakhala itafika kale pacimake. Motero plié, imene ovina anali kucita kwa zaka 300 cifukwa aphunzitsi ao anawauza, inapezeka kuti ili ndi zifukwa zomveka. Ndipo cinamvekanso cifukwa cake aphunzitsi a zovina amaletsa kuima pansi pa plié: ukacedwa pamenepo, phindu lija limatayika.

Nzeru ya legeni imeneyi si ya ovina ballet okha. Anyamata a mtundu wa Maasai, a ku Kenya ndi Tanzania, ali ndi gule wochedwa adumu. Amaima mozungulira ali kuimba, ndipo mmodzi kapena awiri amalowa pakati nalumpha coongoka, kawirikawiri motsatizana, thupi liri njo, maondo opinda pang'ono cabe, zidendene zosakhalitsa pansi. Kalumphidwe kameneka kamadalira kwambiri mtsempha uja wa kucidendene, monga momwe mtsikana wolumpha cingwe amacitira.

Koma wovina ballet ali ndi bvuto limene wa masewera alibe. Woponya mpira m'dengu akafuna kulumpha amaweramitsa msana naponya manja m'mwamba mwamphamvu, ndipo zonse ziwirizi zimaonjezera msinkhu. Wovina salola zimenezo. Msana wake uyenera kukhala woongoka, manja ayenera kuyenda monga gule afunira, ndipo ayenera kunyamuka ndi kutera pa nthawi imene nyimbo yalamula, nkhope yosaonetsa kubvutika. Cifukwa cace maondo, akakolo ndi mapazi ake amasenza gawo lalikulu la nchito, ndipo n'cifukwa cace amaphunzira zaka zambiri.

YANKHO LA FUNSO LATHU

Tsopano tibwerere kwa Nijinsky. Masamu a Galileo atiuza nthawi imene munthu angakhale m'mwamba. Ngati cirikati ca kulemera kwake cakwera masentimita 30, munthuyo amakhala m'mwamba pafupifupi theka la sekondi. Ngati cakwera masentimita 60, kumene ndi kulumpha kwakukulu ndithu, nthawiyo ndi magawo 7 mwa magawo 10 a sekondi. Taonani: msinkhu wawirikiza kawiri, koma nthawi yaonjezeka pang'ono cabe. Kuti munthu akwanitse sekondi imodzi yathunthu, cirikati cake ciyenera kukwera pafupifupi masentimita 122. Cotero palibe wovina amene anaimapo m'mwamba, ngakhale Nijinsky.

Nanga anthu aja ananama? Iai, sananame. Anaona zinthu ziwiri zoona. Coyamba n'cakuti cinthu coponyedwa m'mwamba cimayenda pang'onopang'ono cikayandikira pamwamba. Mukagawa msinkhu wa kulumpha m'zigawo zinai, mudzapeza kuti theka la nthawi yonse limathera m'cigawo ca pamwamba cokhaco. Ponyani mpira m'mwamba muone mmene umaonekera ngati wazengereza usanayambe kutsika.

Caciwiri anacifotokoza bwino Kenneth Laws, mphunzitsi wa sayansi pa Dickinson College ku America, amene nayenso anaphunzira ballet ali wamkulu kale. M'buku lake la m'caka ca 1984, The Physics of Dance, iye analongosola kalumphidwe kochedwa grand jeté, kamene wovina amathamanga nalumpha, mwendo umodzi kutsogolo, wina kumbuyo. Kumbukirani kuti cirikati ca kulemera ndico cimatsata njira ya uta. Koma cirikatico sicinakhomedwe pamalo amodzi m'thupi. Wovina akatukula miyendo ndi manja ake, cirikati cimakwera kucoka m'ciuno kulinga ku cifuwa. Akazitsitsa, naconso cimatsika. Tsono wovina waluso amatambasula miyendo yake kotheratu pa nthawi yeniyeni imene cirikati cafika pamwamba pa uta, naitsitsa pamene ciyamba kutsika. Cotsatira cake n'cakuti miyendo ndiyo imatenga gawo la kukwera ndi kutsika kuja, pamene mutu ndi mapewa zimayenda pafupifupi mu mzere woongoka kwa kanthawi. Ndipo popeza oonerera amayang'ana nkhope, amaona munthu ali kuyandama.

Onjezani pamenepo nzeru ya Michel Fokine, amene anakonza gule wa ku Monte Carlo uja. Polumphitsa wovina kudzera pa zenera akali kukwera, iye anabisa kutsika konse kuseri kwa cipupa. Panalibe mankhwala, panalibe mafupa a mbalame. Panali miyendo yamphamvu, zaka zambiri za kuphunzira, ndi kudziwa nthawi yoyenera kucita cinthu ciri conse.

COULUKA CIMATERA

Akulu anati couluka cimatera, ndipo gawo ili la nkhani ndilo likhudza inu koposa. Munthu akatera kucokera m'mwamba, miyendo yake imalandira mphamvu yoposa kangapo kulemera kwa thupi lake. Mphamvuyo imakula kapena kucepa malinga ndi nthawi imene thupi latenga kuti liime. Mnzanu akakuponyerani dzira, simulilandira ndi manja ouma. Mumabweza manja m'mbuyo kuti dzira liime pang'onopang'ono. Kutera ndi zala, kenaka cidendene, kenaka kupinda maondo, ndiko kubweza manja kwa miyendo. Wotera ndi maondo oongoka amapereka nkhonya yonse ku mfundo ndi ku msana wake.

M'caka ca 2008 Marijeanne Liederbach ndi anzake ku New York anafalitsa zimene anapeza atatsatira ovina 298 kwa zaka 5. Anali kuwerenga amene anaduka mtsempha wa m'kati mwa bondo, umene umagwirizanitsa fupa la nchafu ndi la msongolo. Kuduka kwa mtsempha umenewu kwathetsa masewera a osewera mpira ambiri. Mwa ovina onsewo, 12 okha ndiwo anapweteka motero, ndipo pafupifupi onse anapweteka potera ndi mwendo umodzi. Ciwerengeroci cinali cocepa poyerekeza ndi ca osewera mpira, ngakhale kuti ovina amalumpha kambirimbiri tsiku liri lonse. Ofufuza ambiri aganiza kuti cifukwa cake n'cakuti ovina amaphunzitsidwa kutera kuyambira ali ana, bondo lili kuloza kumene zala za phazi zaloza, losagwera m'kati.

Cifukwa ca zomwezi, nyumba zabwino zophunzitsiramo ovina zimakhala ndi pansi pa matabwa ofewa, otha kutsika pang'ono phazi likatera. Simenti sibweza kanthu. Aphunzitsi, pamene muli kukonzekera magule a tsiku la makolo kapena a mpikisano wa masukulu, musalumphitse ana nthawi yaitali pa simenti ya m'kalasi kapena ya pakhonde. Atulutseni apite pa udzu kapena pa dothi losalazidwa, lopanda miyala. Ayambe atenthetsa thupi ndi kuthamanga pang'ono, ndipo muwapumitse akatopa, pakuti mwendo wotopa ndiwo umaiwala kupinda. Mwana amene adandaula za kuwawa kwa bondo kapena kwa cidendene asakakamizidwe kupitiriza.

NCHITO YA M'KALASI

M'caka ca 1921 Dudley Sargent, dotolo amene anali ataphunzitsa zolimbitsa thupi ku Harvard, anafalitsa njira yoyesera kulumpha kwa munthu. Iye anali kuyesa pamene mutu wafika, koma pambuyo pake aphunzitsi anaifewetsa njirayo, ndipo ichedwabe ndi dzina lake. Zofunika ndi coko, rula, ndi cipupa ca kunja cimene pansi pake pali dothi losalala.

Mwana aime cammbali pafupi ndi cipupa, zala zake zitapakidwa fumbi la coko. Atambasule dzanja m'mwamba, mapazi ali pansi, nakhudze cipupa. Kenaka alumphe nakhudzenso. Mtunda wa pakati pa zizindikiro ziwirizo ndiwo msinkhu wa kulumpha kwake. Mwana ali yense ayese njira zitatu. Poyamba, alumphe maondo ali oongoka, osawapinda konse. Kaciwiri, anyonyomale pang'ono, awerenge kufika 3, ndipo alumphe osayamba watsikanso. Kacitatu, ayambe ali ciimire, atsike msanga ndi kulumpha nthawi yomweyo. Lembani masentimita pa bolodi, ndipo ana okha anene njira imene yapambana ndi cifukwa cake. Nthawi yonseyi anzake amvetsere mapazi: wotera bwino samveka phokoso. Musayerekeze mwana ndi mnzake, pakuti misinkhu ndi zaka zisiyana. Ali yense ayerekezedwe ndi zimene iye mwini anacita mwezi wathawo.

Ndipo inu ana, mukadzaonerera ovina a kwathu kuno, kaya pa bwalo la m'mudzi, kaya pa mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni, musayang'ane nthenga ndi zikopa zokha. Yang'anani maondo. Mudzaona kuti wovina ali yense amene afuna kukwera amayamba watsika, ndipo akatera amatsikanso. Lamulo limene Camargo anaphunzira ku Paris, limene Borelli analemba ku Rome, ndi limene Marey anajambula ndi kamera yake, ndi lomwelo limene liri m'miyendo yanu.

Tsokonombwe anatha mtunda n'kulumpha. Nzeru imene tamva lero inasonkhanitsidwa momwemo, pang'ono ndi pang'ono, ndi anthu a maiko osiyana amene ambiri a iwo sanaonane konse. Tengani coko, pitani kucipupa, mukaone ngati ananena zoona. Tsalani bwino.